Dzina la i7 palokha silitanthauza liwiro

Mukalowa m'mashopu a makompyuta kuno ku Zomba, kapena mukamva ophunzira a ku Chanco akukambirana ku Chikanda, nkhani yake ndi imodzi: "Ndikufuna ya i7, i5 ndi yofooka." Maganizo amenewa anazika mizu kalekale, koma ndi olakwika.

Dzina la i7 limangosonyeza malo a purosesa ya kampani ya Intel (purosesa ndiwo ubongo wa kompyuta) pakati pa zinzake za m'badwo umodzi. Chenicheni chili pa manambala otsatirawo. Core i7-2600 ndi ya m'badwo wachiwiri, inatuluka mu 2011, ili ndi ma core 4 (tizigawo ta m'kati mwa purosesa tomwe timagwira ntchito). Core i5-12400 ndi ya m'badwo wa 12, ya mu 2022, ili ndi ma core 6, ndipo imaisiya kutali i7 yakaleyo, kaya mukukonza mavidiyo a ukwati kaya mukusewera magemu. Ma GHz, omwe amayeza kuti purosesa imagunda kangati pa sekondi, nawonso amapusitsa anthu. i7-2600 imayambira pa 3.4 GHz, i5-12400 pa 2.5 GHz, koma core yatsopano imagwira ntchito yochuluka pa kugunda kulikonse.

Ndiye wina amati angogula yatsopanoyo n'kuiika m'bokosi lake lakale. Sizitheka, achimwene. i7-2600 imakhala pa soketi (malo olowetsamo purosesa) ya LGA1155, inayo imafuna LGA1700, choncho mudzagulanso motherboard (board yaikulu yomwe ili ndi soketiyo) ndi RAM (memory ya kompyuta), poti RAM yakale ya DDR3 siigwira pamenepo. Apa AMD, kampani ina yopanga mapurosesa a Ryzen, inachitako bwino: soketi ya AM4 inalandira Ryzen yoyamba mu 2017 mpaka Ryzen 7 5800X3D ya mu 2022, ngakhale ma board akale amafuna kuti muyambe mwaikamo BIOS (pulogalamu yoyambitsa board) yatsopano.