Kupanikizika kwa Mitsempha Pakati pa Khosi ndi Phewa

M'munsi mwa khosi muli kampata kopapatiza kamene kali pakati pa nthiti yoyamba ndi fupa lopingasa lija limene limachokera pachifuwa kukafika paphewa. Pakampata kameneka pamadutsa minyewa imene imathandiza mkono kumva ndi kugwira ntchito, pamodzi ndi mitsempha iwiri ikuluikulu, wina wopititsa magazi kumkono, wina wowabweza kumtima. Njira imeneyi ikachepa, minyewa kapena mitsemphayi imapanikizika, ndipo madokotala amalitcha vutoli thoracic outlet syndrome, mwachidule TOS, dzina limene linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1956.

Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 amakhala kuti chopanikizika ndi minyewa. Iwo amamva kupweteka kwa khosi, phewa ndi mkono, ndipo dzanzi limagwira makamaka chala chaching'ono ndi chinzake chovala mphete. Dzanja limafooka, zinthu zimapulumuka, ndipo ululu umakula munthu akakweza manja, monga poyanika zovala, popesa tsitsi, popenta denga kapena pochirikiza ndowa ili pamutu. Vutoli limapezeka kwambiri mwa amayi kuposa abambo, kawirikawiri a zaka za pakati pa 20 ndi 50. Ena amabadwa ndi nthiti yowonjezera m'khosi, ena limawayamba atachita ngozi ya galimoto kapena atathyoka fupa la paphewa, pamene ena limabwera pang'onopang'ono chifukwa chonyamula katundu wolemera paphewa ndiponso kukhala chowerama tsiku lonse pamakina osokera kapena pakompyuta.

Palibe njira imodzi yokha yotsimikizira matendawa, ndipo ichi ndicho chimachedwetsa odwala ambiri kupeza thandizo loyenera, pakuti zizindikiro zake zimafanana ndi za vuto la mafupa a m'khosi kapena kupanikizika kwa mnyewa pamfundo ya dzanja. Dokotala angakuuzeni kuti mukweze manja onse awiri n'kumafumbata ndi kutambasula zala kwa mphindi 3 kuti aone ngati dzanzi libwera, kenaka angakutumizeni kukajambulidwa khosi ndi chifuwa.

Chithandizo choyamba ndi mafizo, osati opaleshoni. Katswiri wa mafizo amaphunzitsa wodwala kutambasula minofu ya m'khosi ndi ya pachifuwa, kulimbitsa minofu imene imakokera mapewa kumbuyo, ndi kukhala mowongoka kuti kampata kaja katseguke. Zimenezi zimafuna kupirira, chifukwa kusintha kumaoneka patapita milungu kapena miyezi ingapo, ndipo amene amasiyira panjira chifukwa choti ululu wachepa kawirikawiri amabwereranso kuchipatala. Mankhwala monga ibuprofen amaziziritsa ululu koma sachotsa chimene chikupanikiza, ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso, ndiponso amayi oyembekezera, ayambe afunsa azaumoyo asanamwe. Kunyumba, pewani kupachika chikwama cholemera paphewa limodzi, gawani katundu m'mitolo ing'onoing'ono ngakhale maulendo achuluke, pumulani pafupipafupi pogwira ntchito yokweza manja, ndipo musagone chafufumimba kapena mkono uli pamwamba pa mutu. Kutema mphini pamalo opwetekawo sikukulitsa njira ya mitsempha. Opaleshoni, imene nthawi zambiri imakhala yochotsa nthiti yoyamba kapena kudula mnofu umene ukupanikiza, imaganiziridwa mafizo akalephera, dzanja likayamba kufota, kapena ngati chopanikizika ndi mtsempha wa magazi.

Mtundu wokhudza mitsempha ya magaziwu ndi wosowa, koma ndiwo woopsa. Mkono ukatupa mwadzidzidzi, n'kulemera ndi kuda kuposa unzake, zikhoza kukhala kuti magazi aundana mumtsempha, ndipo chibuluma chake chingathe kupita kumapapo. Dzanja likazizira, n'kuyezuka ndi kupweteka kwambiri, ndiye kuti magazi sakufika mokwanira. Zikatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osatikita mkonowo, chifukwa pamafunika mankhwala oletsa magazi kuundana. Chimodzimodzinso ngati ululu wa mkono wabwera ndi kupweteka kwa pachifuwa, kubanika, kupindika kwa pakamwa kapena kulephera kulankhula, pakuti zimenezi zingakhale zizindikiro za matenda a mtima kapena sitiroko. Pa ululu wa nthawi yaitali wopanda zizindikiro zoopsazi, yambirani kuchipatala chapafupi, ndipo mupemphe kalata yokutumizani kuchipatala cha boma kapena chachikulu kumene kuli akatswiri a mafizo.