Milatho ya miyala ya ku Wulong ndi madzi amene anaisema

Anthu ambiri akaona chithunzi cha milatho itatu ya miyala ya ku Wulong, m'chigawo cha Chongqing ku China, amaganiza kuti mtsinje unaboola phiri mbali imodzi n'kukatulukira mbali ina. Ife a ntchito yofufuza za miyala timaona zina. Chimene mlendo amati mlatho ndi chidutswa cha denga la phanga. Kalekale malo onsewo anali ngalande imodzi yaikulu ya pansi pa nthaka, madzi akuyenda mumdima. Denga linagwa m'malo ena, n'kutsala m'malo atatu. Mukapita kumeneko mukudziwa zimenezi, mudzayamba kuyang'ananso mipata ili pakati pa milathoyo, imene alendo ambiri amangodutsa mothamangira chithunzi chotsatira.

Mwala wake ndi wa laimu, mtundu umene amaphwanya popanga simenti, monga uja ankakumba ku Changalume ku Zomba. Wa ku Wulong unayamba ngati matope ndi zigoba za tizilombo ta m'madzi, zikuunjikana pansi pa nyanja zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo. N'chifukwa chake makoma a chigwacho ali ndi mizere yopingasa, mwala utasanjikizana pa unzake. Ndi wolimba ndithu, hamala imachita kunjanja. Kufooka kwake n'kumodzi: umasungunuka m'madzi amene ali ndi asidi, ngakhale wochepa kwambiri.

Asidiyo sachokera kutali. Mvula ikamagwa imatengako mpweya wa kaboni dayokisaidi m'mlengalenga, koma wambiri imakautenga m'dothi, momwe mizu ikupuma ndiponso masamba akuola. Madzi otere amakhala ndi kaasidi kofooka koti lilime silingakamve. Akafika pa mwala wa laimu amanyambitapo pang'ono n'kupita nazo. Inu amene mumaphitsa madzi a pamjigo m'madera ena mukuzidziwa zoyera zija zimakakamira m'ketulo: ameneyo ndi laimu amene madzi anasungunula pansi pa nthaka, moto n'kumubwezanso kukhala mwala. Ngakhale kumene kumagwa mvula yambiri, mwalawu umadyeka masentimita ochepa chabe pa zaka 1,000. Koma kum'mwera kwa China zonse zofunika zilipo: kutentha, mvula yochuluka, nkhalango, ndi laimu wochindikala mamita mazanamazana.

Madzi sadya mwala mofanana paliponse, amatsata ming'alu. Mng'alu umene walandira madzi ambiri umakula msanga kuposa inzake, ukakula umakokanso madzi ena, mpaka mtsinje wonse umasiya kuyenda pamtunda n'kulowa pansi. Dziko lotere, la mapanga, maenje ndi mitsinje yongozimirira, limatchedwa karst. Ku Wulong kunawonjezeka chinthu china. Dzikolo linkakwera pang'onopang'ono chifukwa cha kukankhana kwa zigawo za pansi pa dziko, ndipo mtsinje waukulu wa Wu unkazamitsabe chigwa chake. Madzi a m'mapanga nawo anayenera kutsika kuti aupeze. Phanga linanka lizama, makoma akutalika, madzi akufukula m'tsinde mwa makomawo, kufikira denga linalemera kuposa zoligwira. Pamene panali ming'alu yambiri linagwa. Zimiyala zogwazo mtsinje unazisungunula ndi kuzikokolola, ndipo apa mpofunika kumvetsa: pakanapanda mtsinje wochotsa zogumukazo, dzenje likanangodzikwirira lokha, ndipo lero pakanakhala kachigwa wamba ka miyala ndi tchire.

Malowa ali makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni ya Wulong. Alendo amayambira kumalo owalandirira m'tauni ya Xiannüshan, amakwera mabasi a komweko, kenako chikepe chimawatsitsa m'mbali mwa phompho, n'kumalizira ndi masitepe. Mlatho woyamba ndi Tianlong, wa mamita 235 kuchokera pansi kufika pamwamba. Wachiwiri, Qinglong, ndiwo wautali koposa, mamita 281, pomwe wachitatu, Heilong, ndi mamita 223. Yonse itatu ili pa mtunda wa kilomita imodzi ndi theka m'chigwa cha mtsinje wa Yangshui. Manambalawa amasokoneza ena chifukwa akuphatikiza ndi mwala wa pamwamba. Chibowo chimene mumadutsamo n'chotalika mamita pafupifupi 100 koma n'chopapatiza, mamita 30 okha kapena kuyandikira pamenepo, ndipo pamutu panu pamakhala mwala wochindikala mamita oposa 100, nkhalango itamera pamwamba pake. Kwa ine manambala achiwiriwa ndiwo oyenera kuwakumbukira. Chibowo chopapatiza pansi pa mwala wochindikala chotero, n'chifukwa chake dengalo linapirira pamenepo.

Pakati pa milatho pali maenje awiri akuluakulu a makoma oongoka, Qinglong ndi Shenying. Katswiri wa za mapanga wa ku China, Zhu Xuewen, ndiye anafalitsa dzina la tiankeng la maenje otere, ndipo dzenje limalandira dzinali likaposa mamita 100 m'lifupi ndi kuya komwe. Lakuya koposa onse, la Xiaozhai, lili m'chigawo chomwecho cha Chongqing ndipo limapitirira mamita 600. Mukaima pansi pa dzenje la Qinglong, tukulani maso muwerenge khoma. Mizere yakuda yotsika ndi njira za madzi a mvula, momwe ndere ndi tizomera tosaoneka ndi maso tamera. Zigamba zachikasu kapena zotuwa mowala nthawi zambiri ndi pamene mwala unathetheka posachedwa, kapena pamene mvula sifikapo chifukwa khoma lapendekera kunja. Mukaona pakamwa pa kaphanga pamwamba pa khoma, kopanda njira yofikirapo, dziwani kuti madzi ankayenda pamenepo mtsinje usanatsike. Pansi pa Heilong pali mdima ndi kachisanu, ndipo akasupe amatumphuka m'khoma lenilenilo n'kugwa ngati mvula yowaza. Ikani dzanja pa mwala wonyowawo, mudzamva timizere ndi timaenje tosalala. Ntchito ija ikupitirira pansi pa chikhatho chanu.

Pansi pa Tianlong pali nyumba ya mpanda ya mamangidwe akale a ku China, ndipo ndi pamene anthu amaunjikana ndi mafoni. Si yakale monga ikuonekera, inamangidwa pofuna kujambulirapo kanema. Sindiinyoza. Diso la munthu limalephera kuyeza khoma la mamita 200 likakhala lokha, koma mukaona nyumba yathunthu ikuoneka kadontho m'tsinde mwake, mpamene kukula kwa malowa kumalowa m'mutu. Bungwe la UNESCO linaika Wulong m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2007, pamodzi ndi Shilin ndi Libo, ngati mbali ya karst ya kum'mwera kwa China.

Ena amakhumudwa ndi kamtsinje kali pansi pa chigwacho. Amafunsa kuti timadzi tochepa chonchi tingaseme bwanji zonsezi. Yankho lina ndi nthawi, lina n'lakuti m'dziko la karst madzi sakhalitsa panjira imodzi. Akapeza mng'alu wotsikirapo amasiya njira yakale, ndipo ambiri amayenda kumene simukuwaona.

Ngati muli ndi tsiku lachiwiri, pitani ku Longshuixia, pafupi pomwepo. Ndi chigwa chopapatiza kwambiri, chakuya, cha mathithi, moti m'malo ena thambo limaoneka kamzere. Phanga la Furong, limene anthu a m'deralo analitulukira mu 1993, likuonetsani mbali ina ya ntchito ya madzi. M'menemo dontho lililonse lochokera kudenga limataya mpweya uja n'kusiya kalaimu, ndipo m'kupita kwa zaka pamamera nsonga zolendewera ndi zipilala. Zambiri sizikula ngakhale milimita imodzi pachaka. Mafuta a m'manja mwanu amadetsa mwalawo ndi kusokoneza kakulidwe kake, choncho lamulo loletsa kugwira lili ndi chifukwa.

Si mlatho uliwonse wa laimu umene unali denga la phanga lalitali. Pont d'Arc, wa mamita 54 kum'mwera kwa France, unapangika pamene mtsinje wa Ardèche, umene unkazungulira chitunda, unaboola pakhosi pake n'kusiya njira yakale youma. Ina imasemedwa ndi mafunde a nyanja, ndipo imeneyo sichedwa kugwa: Azure Window ya pachilumba cha Gozo ku Malta inagwera m'nyanja pa 8 Malichi 2017, kunja kuli namondwe. Ya ku Wulong nayo idzagwa tsiku lina, ngakhale kuchindikala kwake kukusonyeza kuti si nkhani ya m'badwo wathu.

Kuti muone zoterezi sikuti mpaka mukwere ndege ya ku China. Ku Chinhoyi ku Zimbabwe kuli dzenje limene linapangika denga la phanga litagwa, ndipo pansi pake pali dziwe lakuya la madzi obiriwira ngati thambo. Mzinda wa Lusaka nawo, mbali yaikulu unamangidwa pa miyala yosungunuka ya m'banja lomweli. Kumeneko nkhaniyi si ya alendo oona malo. Madzi oyenda m'ming'alu ikuluikulu sasefedwa monga amachitira akamadutsa mumchenga, choncho zochokera m'zimbudzi zokumba zimafika m'zitsime msanga, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kolera amavutira m'makomboni ngati Kanyama nthawi ya dzinja.

Za chitetezo ndinene zochepa. Mvula yambiri ku Chongqing imagwa kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala. Nthawi imeneyo mathithi amakongola koposa, koma masitepe a laimu wonyowa amaterera kwambiri, ndiye valani nsapato zogwira pansi, osati masilipasi. Ngati muli ndi agogo kapena ana aang'ono, werengerani mawondo awo musanatsike, chifukwa chikepe sichichotsa masitepe onse. Musaime nthawi yaitali m'tsinde mwa khoma lopendekera, makamaka mvula itangokata, pakuti ndi pamene timiyala timasomphoka. Ndipo m'zigwa zopapatiza ngati Longshuixia, mvula yoopsa si imene ikukunyowetsani inuyo ayi. Ndi imene yagwa kumapiri kutali, n'kulowa m'maenje, n'kuyenda m'ngalande za pansi popanda dothi loichedwetsa. Madzi angakwere mwadzidzidzi kumwamba kuli ngwee. Oyang'anira malo akatseka njira tsiku la dzuwa, musakangane nawo za ndalama ya tikiti, funsani tsiku limene atsegulenso.