Mpeni ukaphonya zinga: momwe ofesi ya patenti imaunikira njira yodulira mazinga

Tengani bawuti wa M10, amene amapezeka m'sitolo iliyonse ya zitsulo. Kuchoka pa zinga limodzi (mzere wozungulira bawuti momwe nati imayendamo) kufika pa linzake pali mamilimita 1.5, ngodya ya zinga ndi madigiri 60, ndipo kuya kwake ndi pafupifupi mamilimita 0.92. Zonsezi palibe amene angazitenge kukhala zake. Henry Maudslay anali akudula kale mazinga pa lathe, makina osendera chitsulo chikuzungulira, ku London cha m'ma 1800, Joseph Whitworth anakhazikitsa muyezo wa madigiri 55 mu 1841, ndipo William Sellers wa ku America anabwera ndi wa madigiri 60 mu 1864. Munthu wobwera lero ku ofesi ya patenti, chikalata choteteza luso latsopano kuti ena asalitengere, ndi njira yatsopano yodulira mazinga akulowa m'munda womwe anzake aulima zaka zoposa 200. Mphanje yatsala yochepa, ndipo ntchito ya wounika wa ku ofesiko ndi kuona ngati kachigawo komwe munthuyo akuloza sikanalimidwepo.

Tiyambe ndi ntchitoyo. Chitsulo chimagwidwa m'chaki, chopanira cha lathe, n'kumazungulira, pomwe mpeni wosongoka ngati chilembo cha V ukuyenda m'litali mwake. Chitsulo chikazungulira kamodzi, mpeni uyenera kusuntha mamilimita 1.5 ndendende. Kuya konse sikudulidwa kamodzi, nsonga ingathyoke. Mpeni umadutsa, n'kutuluka, n'kubwerera poyambira, n'kulowa pang'ono, n'kudutsanso m'ngalande yomweyo. Pa makina oyendetsedwa ndi kompyuta (CNC) ya kampani ya Fanuc, lamulo la kompyuta lotchedwa G76 limagawa maulendowa mwakuti ulendo uliwonse upale chitsulo chofanana. Ukayamba ndi kuya kwa mamilimita 0.30, ulendo wachiwiri umafika 0.42, wachitatu 0.52, wachinayi 0.60, mpaka 0.90 pa ulendo wachisanu ndi chinayi. Kulowa kumanka kuchepa chifukwa mpeni ukamazama, mbali yake yokhudza chitsulo imakula.

Pamenepo m'pomwe pamayambira vuto. Chitsulo chikakhala chachitali ndi chowonda, maulendo omalizawa chimayamba kunjenjemera. Makina amalira mokweza, ndipo m'mbali mwa zinga mumatsala timizere tonga mabampu a mumsewu wafumbi. Kunjenjemeraku kumadzidyetsa kokha: mafunde omwe ulendo wapita wasiya amagwedeza mpeni pa ulendo wotsatira, ndipo poti liwiro ndi lomwelo, mafunde atsopano amagwera mogwirizana ndi akale n'kumakula.

Tsono tiyerekeze kuti kampani ina yapereka pempho ku European Patent Office, ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya yomwe likulu lake lili ku Munich. M'pempho lotere muli kufotokoza kwa masamba ambiri ndi zojambula, koma chomwe chimaunikidwa kwenikweni ndi ndime za kumapeto, zomwe akatswiri amazitcha claims. Ndimezi zili ngati malire a munda: zomwe zili mkati ndi za mwini patenti, zakunja ndi za aliyense. Ndime yoyamba ya kampani yathu ikuti mwini akhale iyo wa njira yodulira mazinga pa lathe momwe liwiro la chaki limasinthidwa pakati pa ulendo wina ndi unzake kuti chitsulo chisanjenjemere. Nzeru yake ndi yomveka. Ulendo wina chaki izungulire ka 600 pa mineti, wotsatira ka 800, mafunde sangakumanenso.

Wounika sapita ku fakitale kukaona makina akudula, ndipo safunsa ngati njirayo ndi yabwino kuposa zina. Amayamba ndi kufufuza. Luso lonse linagawidwa m'magulu, ndipo kudula mazinga kuli m'gulu la B23G. Kupanga mazinga popsinja chitsulo popanda kupala kuli kwina, mu B21H 3, pomwe kuyendetsa makina ndi kompyuta kuli mu G05B 19. Wounika wodziwa ntchito amayang'ana monsemo, makamaka m'mapepala a ku Japan, Germany ndi China, komwe kumachokera zambiri za makina odulira zitsulo. Sikuti amawerenga mapatenti okha. Buku la malangizo la makina, kabuku ka malonda, nkhani ya m'magazini ya mainjiniya, ngakhale kanema wa pa YouTube, zonse ndi umboni, bola zikhale kuti zinafika kwa anthu lisanakwane tsiku lomwe pempho linalowa.

Tsikuli lagwetsa ambiri. Ku Ulaya, mukaonetsa njira yanu pa chionetsero cha malonda monga EMO ku Hannover musanapereke pempho, mwadziphera nokha, chifukwa zomwe munaonetsazo zimawerengedwa ngati zodziwika kale ngakhale zinachoka m'manja mwanu. Ku United States amapereka miyezi 12 ya chisomo kwa mwini luso, koma chisomo chimenecho sichiwoloka nyanja.

Funso loyamba ndi lakuti kodi chinthucho n'chatsopano, ndipo lamulo lake ndi louma. Kuti wounika akane pa chifukwa chimenechi, ayenera kupeza chikalata chimodzi chokhala ndi zonse zomwe zili m'ndimeyo. Saloledwa kutenga theka uku ndi theka uko. Tinene kuti wapeza ziwiri: china chikufotokoza kudula mazinga m'maulendo angapo pa liwiro losasintha, china chikufotokoza kusinthasintha liwiro la chaki pothetsa kunjenjemera posenda chitsulo wamba, luso lomwe ofufuza analilemba kale m'zaka za m'ma 1970. Palibe chimodzi chomwe chili ndi zonse, choncho pa funso ili kampani yadutsa.

Funso lachiwiri ndiye lovuta, ndipo mapempho ambiri a zamakina amafera pomwepa. Kodi injiniya wamba wodziwa bwino ntchito yake, wowerenga zonse koma wosatulukira zinthu, akanafika pa njirayi yekha? Ku Munich amatsata ndondomeko yokhazikika. Amasankha chikalata chapafupi kwambiri, apa ndi choyamba chija cha kudula mazinga m'maulendo angapo. Amaona chomwe chikusiyana, ndiko kusintha liwiro. Amafunsa chomwe kusiyanako kumabweretsa, ndiko kuchepa kwa kunjenjemera. Kenako amafunsa ngati munthu wofuna kuchepetsa kunjenjemera podula mazinga akanatenga nzeru ya m'chikalata chachiwiri. Kalata yoyamba ya wounika idzati inde, akanatero: vuto ndi lomwelo, makina ndi omwewo, mankhwala alipo kale. Kunena zoona, pa ndime yolembedwa motakata chonchija wounika sakulakwa. Maloya amayamba dala ndi malire otakata, podziwa kuti adzawabweza.

Kampani imapatsidwa nthawi yoyankha, kawirikawiri miyezi inayi. Yankho lofooka ndi lonena kuti njira yathu ikugwira bwino, makasitomala akuikonda. Yankho lamphamvu limachokera pa makina enieniwo, ndipo ndi ili: wodula mazinga aliyense anaphunzitsidwa kuti usakhudze liwiro ntchito ili pakati, chifukwa mpeni udzaphonya zinga.

Chifukwa chake chimaoneka ndi masamu ochepa. Mota yoyendetsa mpeni sifika pamalo nthawi yomweyo kompyuta ikalamula. Imatsalira pang'ono, ndipo kutsalirako kumakula ndi liwiro. Pa mazinga a 1.5, chaki ikamazungulira ka 600 pa mineti, mpeni umayenda mamilimita 900 pa mineti, kapena kuti 15 pa sekondi. Tinene kuti makinawo amatsalira gawo limodzi mwa magawo 30 a sekondi: mpeni uli theka la milimita kumbuyo kwa lamulo. Izi sizivuta ngati maulendo onse atsalira mofanana. Koma kwezani liwiro kufika 800. Mpeni tsopano ukuyenda mamilimita 20 pa sekondi, ndipo ukutsalira 0.67. Kusiyana kwa 0.17 kumeneko ndi koposa gawo limodzi mwa magawo khumi a mtunda wa zinga. Mpeni sulowanso pakati pa ngalande, umadya mbali imodzi. Zinga limawonda, nati imagwedera, ndipo geji yoyezera imakana chitsulocho.

Choncho kampani ikhoza kunena kuti injiniya wamba uja sakanaphatikiza zikalata ziwirizo, chifukwa zomwe ankadziwa zinkamuletsa. Mfundoyi ndi yabwino, koma ili ndi mbola. Wounika adzayankha kuti ngati kusintha liwiro kumaononga zinga, ndiye kuti ndime yanu yoyamba ikuphatikizapo njira zosagwira ntchito, ndipo chomwe chimapangitsa kuti yanu igwire simunachilembe. Adzaonjezanso kuti mawu akuti kuti chitsulo chisanjenjemere akungotchula chomwe mukufuna, osati momwe mukuchipezera. Malamulo a ku Ulaya amafuna kuti ndime zikhale zomveka ndiponso kuti luso lifotokozedwe mokwanira kuti katswiri wina alichite.

Apa m'pomwe luso lenileni limatulukira poyera. Silinali kusintha liwiro ayi. Linali kuwerengera kutsalira kwa mota pa liwiro lililonse, n'kusuntha malo kapena ngodya yomwe mpeni umayambira, kuti ugwere m'ngalande yomweyo. Ndime yoyamba iyenera kulembedwanso kuti inene zimenezo: makina apeze kutsalira pa liwiro loyamba ndi pa lachiwiri, achotsere, ndipo asunthe poyambira ndi kusiyanako. Malire achepa, koma tsopano pali choimira. Wounika adzafufuzanso, chifukwa opanga makina akuluakulu akhala akulimbana ndi nkhani ya kusunga poyambira zinga liwiro likasintha, ndipo si zachilendo kuti chikalata chachitatu chitulukire pa nthawi imeneyi.

Msampha woopsa kwambiri uli pa kusinthaku. Ndime 123(2) ya pangano la mapatenti la ku Ulaya imaletsa kuonjezera chilichonse chomwe sichinali m'pempho pa tsiku loyamba. Ngati kufotokoza koyambirira kunatchula za kusuntha poyambira, ngakhale m'ndime imodzi ya pa tsamba 14, kampani yapulumuka. Ngati mainjiniya anazisunga ngati chinsinsi, kapena anaziona ngati zazing'ono zosafunika kulemba, palibe loya angazilowetse. Ounika a ku Ulaya ndi okhwima kwambiri pamenepa. Mukalemba chitsanzo cha 600 ndi 800 chokha, simungadzanene pambuyo pake kuti liwiro lisinthe ndi pakati pa 10 ndi 40 peresenti, chifukwa manambala amenewo sanalembedwe paliponse. Ndi chifukwa chake wolemba pempho wodziwa amaumiriza mainjiniya kuti amupatse zonse: liwiro lomwe anayesa, mtundu wa chitsulo, kutalika ndi kunenepa kwake, kusalala kwa zinga asanasinthe ndi atasintha, ngakhale zoyesa zomwe zinalephera. Zotsatira za kuyesa zikhoza kuperekedwa pambuyo pothandizira mfundo yomwe inalipo kale, koma sizingabweretse mfundo yatsopano.

Zotsalazo zimayenda mwa ndondomeko. Pempho limasindikizidwa pakatha miyezi 18, kaya lidzavomerezedwa kapena ayi, kotero wolephera amataya zonse ziwiri, patenti ndi chinsinsi. Chigamulo chimapangidwa ndi ounika atatu. Patenti ikaperekedwa, opikisana nawo ali ndi miyezi 9 yoti aitsutse, ndipo iwo amadziwa makabati momwe muli mabuku akale a makina omwe wounika sanawaone. Ikapirira, imakhala zaka 20 kuwerengera pa tsiku la pempho, bola ndalama za chaka ndi chaka zizilipidwa. Imagwira ntchito m'mayiko okhawo omwe inatengedwa. Wofuna chitetezo ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe akhoza kudzera ku ARIPO, bungwe loona za mapatenti la mayiko ena a mu Africa, ku Harare, pansi pa pangano la Harare la 1982, ndipo mafunso a kumeneko ndi omwewa: chatsopano, chosadziwikiratu, chogwiritsika ntchito m'mafakitale.

Pali chinthu china chomwe wounika sachifunsa, koma mwini patenti chimamusowetsa tulo. Njira imachitikira m'fakitale ya munthu wina, zitseko zili zotseka. Lamulo la ku Ulaya limateteza ndi katundu yemwe wapangidwa mwachindunji ndi njirayo, koma mukatola bawuti wosalala bwino pa shelefu, simungadziwe kuti chaki inkazungulira bwanji pomudula. N'chifukwa chake mapempho abwino a mtundu uwu sathera pa njira yokha. Amakhalanso ndi ndime ya makina, kapena ya kompyuta yoyendetsa makina yomwe inakonzedwa kuti iwerengere kutsalira n'kusuntha poyambira. Makina amagulitsidwa poyera, amabwera ndi buku la malangizo, ndipo wopikisana naye akatengera nzeruyo amailemba yekha m'bukumo kuti ogula adziwe batani loti adine.