Vickers Viking, ndege yonyamula anthu imene inabadwa ku ndege yoponya mabomba

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe nkomwe, a ku Britain anali atayamba kale kuda nkhawa kuti mtendere ukadzabwera anthu adzawanyamula pa ndege zanji. Zaka zonse za nkhondo mafakitale awo ankangopanga ndege zomenyera nkhondo ndi zoponya mabomba, pamene anzawo a ku America ankapanga ndege zonyamula katundu ndi asilikali zambirimbiri, makamaka Douglas DC-3 ija ambiri amaitchula kuti Dakota. Boma linakhazikitsa komiti ya Brabazon kuti iganize za ndege zatsopano zapamwamba, koma aliyense ankadziwa kuti ndege yatsopano siimangotuluka chaka chimodzi ayi, ndipo kugula za ku America kunkafuna madola amene Britain inalibe, inali pa ngongole yosaneneka. Ndiye panafunika kachinthu kongogwirizira kaye podikira zenizenizo.

Kampani ya Vickers-Armstrongs ya ku Weybridge inali ndi ndege yoponya mabomba yotchedwa Wellington imene inapangidwa yoposa 11,000, zipangizo zake zinali mbwee, amisiri ankaidziwa ngati dzanja lawo. Mkulu wojambula ndege pa kampanipo Rex Pierson ndi anzake anangoti titenge mapiko a Wellington ndi miyendo yake, tiikepo thupi latsopano lachitsulo lonenepa bwino loti anthu akhalemo, basi tathana nazo. Poyamba penipeni ankangoitchula kuti Wellington yonyamula anthu, kenako ndi pomwe inapatsidwa dzina loti VC.1 Viking. Inauluka koyamba pa 22 June 1945 pa bwalo la Wisley, woyendetsa anali Mutt Summers, munthu yemweyo amene anaulutsa ndege yankhondo ya Spitfire yoyamba mu 1936. Taganizani, nkhondo ku Ulaya inatha mu May, June ndege ili m'mwamba kale.

Mapiko a Wellington aja anali achilendo ndithu. Barnes Wallis ndi amene anabweretsa kapangidwe kake, tizitsulo tolukanalukana kenako nkukutira nsalu pamwamba, ndipo pa nkhondo zinkathandiza chifukwa chipolopolo chimangobowola nsalu ndege nkumapitirira ulendo. Ma Viking 19 oyambirira anatuluka ndi mapiko ansalu omwewo. Koma kunyamula anthu olipira tikiti tsiku ndi tsiku, mvula ndi dzuwa, nsalu siichedwa kutha, ndiye otsatirawo anawapangira mapiko achitsulo okhaokha. Injini zinali ziwiri za Bristol Hercules, iliyonse ya mapistoni 14 oyalidwa mozungulira m'mizere iwiri, mphamvu yake pafupifupi mahatchi 1,690, ndipo paulendo inkathamanga cha m'ma kilomita 340 pa ola. Zoyambazo zinkanyamula anthu 21. Kenako anaitalikitsa kutsogolo ndi masentimita 71 nkukhala Viking 1B ya anthu 24, imene inapangidwa yambiri kuposa zinzake zonse. Zonse pamodzi anapanga ma Viking 163.

M'kati simunali mwa ulemerero ayi, tisanamizane. Tayala lachitatu linali kumchira, ndiye ikaima pansi mphuno inkaloza kumwamba, munthu ukalowa pakhomo lakumbuyo unkachita kukwera chitunda kuti ukapeze mpando wako. Pakati pa njira panadutsanso chitsulo chachikulu chogwirizira mapiko onse awiri, aliyense ankachita kuchilumpha, ngakhale mtsikana wopereka tiyi ali ndi thireyi m'manja. Ndipo popeza inalibe makina osungira mpweya m'kati ngati ndege za masiku ano, siinkakwera pamwamba pa mitambo, inkadutsa momwemo m'mphepo ndi m'mabingu, anthu nkumasanza. Phokoso la ma Hercules awiri aja osanena.

Kampani ya boma ya British European Airways, BEA, inayamba pa 1 August 1946, ndipo pa 1 September chaka chomwecho Viking inayamba ntchito, kuchoka pa bwalo la Northolt ku London kupita ku Copenhagen. Miyezi itatu yokha mavuto anayamba. Nyengo yozizira itafika, madzi oundana ankamatirira kumchira mpaka ndege nkumavuta kuwongolera, ndiye mu December 1946 onse anaimitsidwa, anadzabwerera mu April 1947 atakonza zakumchirako ndi zosungunulira ayiziyo. Kuchokera apo ndi Viking imene inanyamula BEA pamsana, Paris, Amsterdam, Oslo, Stockholm, Rome, Madrid, Berlin, konseko. Mu 1947 momwemo banja lachifumu litapita ku South Africa, gulu la ndege za mfumu George VI linali la ma Viking anayi.

Njira ya ku Berlin ija ndi imene inailowetsa m'ndale. Pa 5 April 1948 Viking ya BEA ikuyandikira bwalo la Gatow, m'chigawo cha mzindawo chimene ankayang'anira a Britain, inaombana m'mwamba ndi ndege yankhondo ya Soviet Union ya mtundu wa Yak-3. Anthu onse 14 a mu Viking anafa, woyendetsa Yak uja naye anafa. A Britain ankati mnyamata wa Soviet ankachita masewera opidiguka m'njira ya ndege za anthu, a Soviet ankati Viking ndiyo inatulukira mwadzidzidzi nkugunda ndege yawo, aliyense anachita kafukufuku wake nkupeza kuti wolakwa ndi mnzake. Apa nkuti mbali ziwirizi zikukokana kale pa za Berlin, ndipo mu June chaka chomwecho Soviet Union inatseka misewu ndi njanji zonse zolowera kumadzulo kwa mzindawo.

Tsiku lotsatira ngoziyo, pa 6 April 1948, Viking ina inachita chinthu chimene anthu ambiri sadziwa. M'malo mwa injini za mapistoni anaikamo ma jeti awiri a Rolls-Royce Nene, ndipo inakhala ndege yoyamba padziko lonse ya mtundu wonyamula anthu kuuluka ndi ma jeti okhaokha, ndege ya jeti yonyamula anthu yotchedwa Comet isanabwere. Pa 25 July 1948, pokumbukira zaka 39 chiwolokere Louis Blériot nyanja ya pakati pa France ndi England, inachoka ku London kukafika ku Villacoublay kufupi ndi Paris pa mphindi 34 zokha. Zinali zongoyesera basi, ma jeti a nthawi imeneyo ankamwa mafuta moopsa, ndipo mapeto ake ndege yomweyo anaichotsa ma jetiwo nkuiika ma Hercules, nkukagwira ntchito wamba ngati zinzake. Ine zimandiseketsa kuti ndege yopanga mbiri chonchi anangoiona ngati katundu woti asawonongeke.

Koma nkhani imene inapatsa Viking ulemu ndi ya pa 13 April 1950. Ndege yotchedwa Vigilant inanyamuka pa Northolt madzulo kupita ku Paris, ili pamwamba pa nyanja cha kufupi ndi Hastings kunamveka kuphulika kumbuyo. Oyendetsa poyamba ankaganiza kuti ndi mphenzi. Linali bomba, linaphulikira kuchimbudzi, linang'amba mabowo akuluakulu mbali zonse ziwiri za thupi la ndege, kuwononga zowongolera zakumchira ndi kuvulaza kwambiri mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo. Kaputeni Ian Harvey anaitembenuza choncho, nkukatera pa Northolt pa ulendo wachiwiri woyesa, palibe anafa. Anamupatsa mendulo ya George Medal, ndegeyo inakonzedwa nkubwereranso pa ntchito, ndipo amene anaika bombalo sanapezeke mpaka lero. Chaka chomwecho pa 31 October mwayi sunakhalepo, Viking ina ya BEA inagwa mu chifunga pa Heathrow, anthu 28 mwa 30 anafa.

BEA inaipanikiza mpaka mipando 36 kuti matikiti atsike, kenako pofika 1954 inasiya kuigwiritsa ntchito chifukwa Airspeed Ambassador ndi Vickers Viscount zinali zitafika, zokwera pamwamba komanso zaphee. Zikanathera pamenepo bwenzi tikunena kuti inagwirizira zaka zisanu ndi zitatu nkupuma, monga momwe anakonzera. Koma kwa ine mbiri yeniyeni ya Viking ikuyambira pomwe inasanduka ya kaunjika. Timakampani ting'onoting'ono timene sitikanakwanitsa ndege yatsopano tinathamangira ma Viking otchipawa. Eagle ya Harold Bamberg inagula ambiri, nkumanyamula asilikali pa kontrakiti ya boma komanso anthu opita ku holide ku Spain ndi ku Italy, anthu oti kale ndege ankangoionera m'mwamba. Ku West Germany makampani a LTU ndi imene lero timaidziwa kuti Condor, onse anayamba ndi ma Viking cha m'ma 1956. Zoti munthu wamba wa ku Ulaya azikwera ndege kupita kokasangalala zinakulira pa mapiko a ndege yakale imeneyi ndi Dakota.

Kutchipako kunali ndi mtengo wake. Pa 1 May 1957 Viking ya Eagle yonyamula asilikali ndi mabanja awo injini imodzi inafa itangonyamuka pa Blackbushe, inagwa pobwerera, anthu 34 anafa. Pa 2 September 1958 ina yonyamula katundu ya kampani ya Independent Air Travel inagwera pa nyumba za anthu ku Southall ku London, ogwira ntchito atatu ndi anthu anayi a pansi anafa, ndipo kafukufuku anaulula kuti kampaniyo inkasamalira ndege mwachisawawa, oyendetsa ali otopa, katundu wapyola muyezo. Yowawa kwambiri ndi ya pa 9 August 1961, Viking ya Cunard Eagle inaomba phiri la Holtaheia kufupi ndi Stavanger ku Norway nyengo itaipa, anthu onse 39 anafa, mwa iwo anyamata 34 a sukulu ya Lanfranc ku Croydon amene ankapita kokacheza. Sikuti ngozi zonsezi wolakwa anali ndege ayi, zambiri zinali nyengo, kutopa ndi kuumira ndalama zokonzetsera.

Kuno kwathu Viking siinali mlendo. Central African Airways inakhazikitsidwa mu 1946 ndi maboma atatu a atsamunda, Southern Rhodesia inali ndi gawo la 50 peresenti, Northern Rhodesia 35, Nyasaland 15, likulu lili ku Salisbury imene lero ndi Harare. Ma Viking ndiwo anali ndege zake zikuluzikulu, kulumikiza Salisbury, Lusaka, Ndola, Chileka, Nairobi ndi Johannesburg, pamene tindege ting'onoting'ono tinkatera pa mabwalo a fumbi a m'maboma. South African Airways nayo inagula ma Viking asanu ndi atatu koma siinakhalitse nawo, inawagulitsa ku BEA.

Mu 1952 makampani a Airwork ndi Hunting anayamba ulendo wotchipa wa ma Viking kuchokera ku London kupita ku Nairobi, ankautcha Safari, ndipo mu 1953, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, Central African Airways inayambitsa wake wotchedwa Zambezi kuchoka ku Salisbury kupita ku London. Unali ulendo wa masiku angapo, kutera apa kumwetsa mafuta, kutera apo, usiku anthu nkukagona ku hotela, m'mawa nkukweranso, kudutsa East Africa, Sudan, nyanja ya Mediterranean mpaka kukafika. Tikiti inali yotsika poyerekeza ndi ya BOAC, kampani ya boma la Britain ya maulendo akutali, koma tikati yotchipa tikunena kwa azungu a m'mafamu, a ku migodi ya kopa ndi ogwira ntchito m'boma opita kwawo ku tchuthi. Agogo athu opita ku Wenela kapena ku Salisbury kukafuna ntchito sanali m'gulu la ogula matikiti amenewa, ngakhale msonkho wawo unali m'kati mwa 15 peresenti ija.

Chaka chomwecho cha 1953, pa 29 March, Viking ya Central African Airways inathyoka phiko ili m'mwamba ku Tanganyika, anthu onse 13 anafa. Atafufuza anapeza kuti chitsulo chogwira phiko chinali chitatopa, kamng'alu kanakula pang'onopang'ono osaoneka mpaka tsiku limenelo. Nthawi imeneyo akatswiri anali asanamvetse bwino za kutopa kwa chitsulo, ndipo chaka chotsatira ndi pomwe ma Comet awiri anaphulika m'mwamba ku Mediterranean dziko lonse nkuphunzira mowawa. Ndege ya asilikali yotchedwa Valetta, mphwake wa Viking, nayo inadzavutika ndi matenda omwewo a mapiko. Mu 1956 Central African Airways inalandira ma Viscount, ma Viking nkuyamba kuchoka.

Zilembo za VC zija sizinathere pa Viking. Viscount poyamba inali VC.2, ndipo mzerewo unakafika pa VC10, jeti ya injini zinayi kumchira imene Air Malawi inagula imodzi m'ma 1970 nkumapita nayo ku London. Air Malawi yomweyo inabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, isanaime payokha mu 1967.

Ma Viking otsala lero ndi owerengeka. Ina ili ku Brooklands Museum pamalo pomwe panali fakitale ya Vickers, inapulumuka chifukwa kwa zaka inali malo omwerako khofi ku Netherlands. Ina inali ya Trek Airways ya ku South Africa, mwini galaja wina kumwera kwa Johannesburg anaigula nkuikweza padenga la galaja lake mu 1963, malowo nkumadziwika kuti Vic's Viking Garage. Inakhala pamenepo mpaka 1987 pamene okonda mbiri ya ndege anaitsitsa, padengapo nkuikapo ndege ina ya Avro Shackleton m'malo mwake, ndipo pano ili m'manja mwa South African Airways Museum Society ku Rand Airport ku Germiston.