Misomali yokha siiletsa pansi pa matabwa kulira

Akalipentala ambiri mu Lusaka amanena kuti pomanga pansi pa chipinda ndi matabwa, kupaka guluu pamitanda musanakhomere plywood ndi kutaya ndalama, bola misomali ichuluke. Si zoona, ndipo eni nyumba zosanja ndiwo amavutika pambuyo pake.

Matabwa a paini ogulidwa kumsika wa Buseko kawirikawiri amakhala asanaume bwino. Akauma m'nyumba amachepa, pakati pa mtanda ndi plywood pamatsala kampata. Munthu akaponda, plywood imatsika n'kukhuzana ndi msomali, ndiye kulira kuja kwa kwee kwee. Guluu amadzaza kampatako, ndipo mtanda ndi plywood zimasenza katundu ngati thabwa limodzi.

Koma guluu woyera wa mipando sagwira ntchito imeneyi, chifukwa sadzaza mipata. Gulani guluu wa zomangamanga wa m'chubu, wofinya ndi mfuti yake. Pukutani fumbi pamtanda, finyani mzere umodzi wonenepa mamilimita 6, ndipo pamtanda pokumana ma plywood awiri ikani mizere iwiri. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amapaka mitanda ya chipinda chonse kamodzi. Ndi kutentha kwa Okutobala guluu amauma pamwamba msanga, ndipo akatero sagwiranso. Pakani za plywood imodzi kapena ziwiri basi, yalani, pondani pamwamba, khomani nthawi yomweyo.

Zokhomera zikufunikabe. Zitalikirane mamilimita 150 m'mbali, 300 pakati. Pakati pa ma plywood siyani mamilimita 3, kuti akafufuma ndi chinyezi cha dzinja asakankhane n'kutukumuka.