Mukumwa levothyroxine koma kutopa sikukutha? Musawonjezere nokha

Dandaulo ili ndimalimva pafupipafupi kuno ku Thyolo, makamaka kwa azimayi: adokotala, mankhwala a chithokomiro aja ndikumwa tsiku ndi tsiku koma thupi likadali lolemera, ndikuzizidwa olo mu Okotobala, kudzimbidwa, kunenepa osadziwa chanenepetsa. Ena mpaka anayamba kumwa mapilisi awiri m'malo mwa limodzi. Chonde ayi.

Levothyroxine ndi mankhwala ochedwa, amakhalitsa m'thupi, pakatha masiku 7 theka lake limakhala likadalimo, nde dozi tikasintha timadikira masabata 6 mpaka 8 kenako nkuyeza magazi, TSH ija, muyeso wosonyeza ngati mahomoni a chithokomiro akukwanira m'thupi. Malabu ambiri amati ili bwino ikakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0. Ikakwera ndiye kuti mankhwala akuchepa m'thupi, koma ine ndisanathamangire kukweza dozi ndimayamba ndafunsa, mumamwa bwanji?

Apa mpamene pamagona nkhani. Munthu akudzukira kukathyola tiyi ku esiteti, nthawi yamuthera, pilisi lija amezera tiyi wamkaka ndi phala la soya pompo. Mkaka ndi soya zimatchinga mankhwalawa kulowa bwino m'magazi. Imwani ndi madzi okha m'mimba mulibe kanthu, mudikire mphindi 30 mpaka 60 musanadye. Mapilisi owonjezera magazi aja amapereka kusikelo, a calcium, ndi magnesium trisilicate wa chilungulira, awa atalikirane ndi levothyroxine maola 4. Ngati mmawa sizikutheka imwani pogona, bola papite maola 3 chidyereni nsima, ndipo muzitero masiku onse osati lero mmawa mawa usiku.

Palinso rifampicin wa TB ndi mankhwala a khunyu monga carbamazepine ndi phenobarbitone, amenewa amapangitsa thupi kutha levothyroxine msanga, nde mutiuze ngati mukumwa. Kasungidwenso, chinyezi cha chiperoni chathuchi ndi kutentha kwa kukhitchini zimawononga mapilisi, asungeni pouma mu paketi yake.

Zonsezi zikakhala bwino koma TSH ikadali pamwamba, timakweza pang'onopang'ono, ma microgram (mcg) 12.5 kapena 25 basi, makamaka kwa achikulire ndi odwala mtima. Mankhwalawa akachuluka mtima umathamanga ndi kugunda mosalongosoka, manja kunjenjemera, tulo kusowa, ndipo mafupa amafooka mwakachetechete makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba.

Nanga TSH ili bwinobwino koma mukutopabe? Pamenepo kuwonjezera sikuthandiza, tiyang'ane kwina, kuchepa kwa magazi, shuga, kusagona mokwanira, ngakhale nkhawa zimene ambiri safuna kuzitchula kuchipatala.

Koma amayi mukangozindikira kuti muli ndi pakati musadikire tsiku lomwe munalemberedwa, bwerani sabata yomweyo ndi buku lanu lakuchipatala. Nthawi imeneyi dozi imafunika kukwera ndi 25 mpaka 30 peresenti, chifukwa miyezi yoyambirira ubongo wa mwana umadalira thyroxine, homoni ya chithokomiro cha mayi ake.