Thanki ya nsomba za m'nyanja ya mchere imayamba yopanda nsomba

Masabata angapo apitawo, bambo wina wa kuno ku Kasungu anandiitanira kunyumba kwawo kuti ndikaone thanki ya galasi imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Ndinapeza atadzazamo kale madzi a pamjigo, atathiramo mapaketi angapo a mchere wa m'golosale, ndipo chimene ankafuna kwa ine chinali kuwauza kumene angagule tinsomba tofiirira ta mizere yoyera, totchedwa clownfish. Ndinawayankha kuti, "Bambo, madzi awa titaye, ndipo za nsomba tidzakambirane pakatha masabata asanu ndi limodzi." Nkhope yawo inagwa, ndipo sindinawadabwe, chifukwa munthu wagula thanki kuti azionerera nsomba, ndiye kumuuza kuti ayang'ane miyala kwa mwezi ndi theka kumamveka ngati chipongwe.

Tiyambe ndi madzi. Nyanja yathu ya Malawi ndi ya madzi opanda mchere, choncho zimene ambiri timadziwa pa kaŵetedwe ka mbuna, chambo kapena makumba a m'maiwe sizikwanira pano. Madzi a m'nyanja ya Indian Ocean, monga a ku Beira kapena ku Nacala, amakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo mcherewo ndi wosakanikirana: kuwonjezera pa uja timathira m'ndiwo, muli magnesium, calcium, potassium ndi zina zimene zimathandiza kuti madzi asasinthesinthe. N'chifukwa chake mchere wa kukhitchini sugwira ntchito. Pamafunika mchere wopangidwira mathanki a nsomba, ndipo thanki ya malita 100 imadya makilogalamu atatu ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Mcherewo umasungunuliridwa m'chigubu choyera chimene sichinasungirepo mafuta, feteleza kapena mankhwala a m'munda, pampu n'kumavundula usiku wonse, kenako n'kupima kuchuluka kwa mchere ndi kachipangizo kotchedwa refractometer. Kachipangizoka kayenera kusonyeza 1.025 kapena 1.026.

Madzi a pamjigo ndi abwino kumwa, koma kawirikawiri amabwera ndi ayironi, silica ndi zotsalira za feteleza zimene zimaloŵa pansi, ndipo zimenezi ndi chakudya cha ndere. A pampopi amakhala ndi chlorine, amene ntchito yake ndi kupha tizilombo, pomwe ife tikufuna kuŵeta tizilombo. Madzi oyenera ndi osefedwa ndi makina a reverse osmosis, ndipo amene akufuna kuchita ntchitoyi kwa zaka angachite bwino kugula kamakina kakang'ono ka panyumba, chifukwa madziwa adzawafuna sabata iliyonse.

Tsopano chifukwa chodikira. Nsomba iliyonse imatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zimene imapumira, ndipo chakudya chotsala ndi ndowe zikamawola zimatulutsanso amoniya yemweyo. Amene analoŵapo m'khola la nkhuku losasesedwa akulidziwa fungo lija lobaya m'mphuno ndi kutulutsa misozi, ameneyo ndiye amoniya. M'nyanja yaikulu amasungunuka n'kutha mphamvu, koma m'galasi la malita 100 alibe kopita, ndipo amawotcha ziwalo zopumira za nsomba mpaka imayamba kuŵefukira pamwamba pa madzi. Choipa china n'chakuti madzi a mchere amakhala ndi pH yokwera (pH ndi muyeso wa asidi m'madzi, ikakwera ndiye kuti asidi ndi wochepa), pakati pa 8.1 ndi 8.4, ndipo pamlingo umenewo amoniya amakhala waukali kuposa mmene amakhalira m'madzi a pH yotsika.

Chimene chimachotsa amoniya ndi mabakiteriya. Gulu loyamba limadya amoniya n'kumusandutsa nitrite, gulu lachiwiri limadya nitrite n'kumusandutsa nitrate, amene nsomba zimampirira ngati sanachuluke, ndipo ameneyu timamuchepetsa posintha gawo la madzi. Mabakiteriyawa sakhala akuyandama, amamatirira pamiyala, pamchenga ndi pathonje la m'sefa, ndipo amaswana pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi aja amene amasasitsa mkaka tsiku limodzi. Alimi a kuno amadziwa kuti manyowa a Mbeya amafuna masiku 21 ali chimangire m'thumba, ndipo palibe amene amamasula thumba tsiku lachitatu chifukwa chakuti mvula yagwa. Thanki nayonso ili ndi masiku ake, kawirikawiri masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Popeza mabakiteriya amafuna pokhala, miyala iyenera kukhala ya timabowo tambirimbiri, yochokera ku matanthwe a m'nyanja kapena yopangidwa motengera amenewo, ndipo mchenga ukhale wa aragonite, mchenga wa laimu wonga wa matanthwe ndi zigoba za m'nyanja. Miyala ya m'phiri la Kasungu ndi yolimba, ilibe mabowo, ndipo ina ikhoza kutulutsa zitsulo m'madzi, choncho ndi bwino kuisiya kumene ili. Pali miyala ina imene imagulitsidwa ili yonyowa, itakhala kale ndi mabakiteriya, koma poti dziko lathu lilibe gombe la nyanja ya mchere, ikamafika kuno zamoyo zambiri zimakhala zitafera m'njira. Ine ndimalangiza miyala youma pamodzi ndi botolo la mabakiteriya amoyo opangidwira madzi a mchere.

Kale anthu ankaika nsomba imodzi yopirira kuti izitulutsa amoniya woyambitsira ntchitoyi. Njira imeneyo ndi nkhanza, ndiponso ndi kutaya ndalama pachinthu chobwera pandege. M'malo mwake, thirani madontho a ammonium chloride, mankhwala opereka amoniya, mpaka mlingo wa amoniya ufike 2 ppm, kutanthauza mamiligalamu aŵiri pa lita imodzi, kapena ngati mankhwalawo palibe, mangani usipa uŵiri kapena utatu m'kansalu ka neti n'kuusiya uwole m'madzimo kwa masiku angapo. M'nyumba mudzamveka kafungo, ndipo ndi nzeru kuchenjezeratu apabanja. Kuyambira pamenepo pampu ndi sefa ziziyenda usana ndi usiku, madzi akhale pa madigiri 25 kapena 26, ndipo nyale ya pathanki ikhale yozimitsa kuti ndere zisafulumire.

Ntchito yotsala ndi kupima ndi kulemba. Pakapita masiku aŵiri kapena atatu alionse, tungani madzi pang'ono m'kabotolo koyezera, donthezani mankhwala oyezera amoniya, nitrite ndi nitrate, yerekezani mtundu wake ndi khadi la mitundu lobwera ndi mankhwalawo, ndipo lembani m'kope. Mudzaona amoniya akukwera, kenako akutsika pamene nitrite akukwera, ndipo pambuyo pake nitrite nayenso adzatsika nitrate atayamba kuoneka. Nitrite ndiye amagwetsa anthu mphwayi, chifukwa amatha kukhala pamwamba kwa masabata aŵiri osasuntha, munthu n'kumaganiza kuti walakwitsa. Musatsuke miyala, musasinthe thonje la m'sefa, ingodikirani. Kuyera kwa madzi sikutanthauza kanthu, popeza amoniya alibe mtundu. Umboni wokhawo ndi uwu: muthirenso amoniya mpaka 2 ppm, ndipo ngati patatha maola 24 amoniya ndi nitrite onse ali pa 0, thanki yapsa. Mukatero sinthani gawo limodzi la magawo anayi a madzi, kapena kuposerapo ngati nitrate wadutsa 20 ppm.

Vuto limene mabuku a kunja salitchula kwambiri ndi kuzima kwa magetsi. Mabakiteriyawa amapuma mpweya wa okosijeni, ndipo pampu ikaima kwa maola ambiri, makamaka m'sefa yotsekeka, amayamba kufa, ntchito ya masabata atatu n'kubwerera m'mbuyo. Kwa munthu wa ku Kasungu kapena ku Mchinji, batire ndi inivetala, kapena sola yaing'ono yoyendetsa pampu, ziyenera kugulidwa nsomba zisanagulidwe. Nyengo nayo ili ndi zake. Usiku wa June ndi July madzi amazizira kwambiri popanda chotenthetsera, pomwe mu October amatentha ndi kuuluka msanga. Madzi akauluka mchere umatsala, choncho pobwezeretsa thirani madzi osefedwa opanda mchere. Ikani kachizindikiro pagalasi kuti muzidziwa pofikira.

Thanki ikapsa, yambani ndi nsomba imodzi kapena ziŵiri zazing'ono, makamaka clownfish zoswetsedwa m'mathanki, zimene zimapirira kuposa zogwidwa m'nyanja, ndipo mudikire masabata aŵiri kapena atatu musanawonjezere ina, kuti mabakiteriya achuluke mogwirizana ndi zinyalala zatsopanozo. Musanaitanitse nsomba yamoyo kuchokera kunja, pitani ku ofesi ya zausodzi mukafunse za chilolezo. Ndipo mukadzaona utoto wa khofi utakuta mchenga ndi galasi m'masabata oyambirira, musathamangire mankhwala, ndi ndere zotchedwa diatoms zimene zimadya silica, ndipo silica akatha nazonso zimachepa zokha.

Bambo aja panopa ali m'sabata yachinayi. Dzulo ananditumizira chithunzi cha tsamba la kope lawo, amoniya ali pa 0, nitrite akadali pamwamba, ndipo m'munsi analemba funso lakuti kodi angaitanitse nsomba Loweruka likubwerali. Ndawauza kuti apimenso Lolemba.